Msewu wosafuna phula

Kwathu ku Mhuju nyanja sitiiona. Ukaima pa sitolo n'kuponya maso kum'mawa, amakagunda mapiri basi. Nyanjayo ili kuseri, kumunsi kwa chitunda cha Chiweta. Madzi omwe ife a m'chigwa cha Henga timawadziwa ndi a Rukuru, mtsinje wotulukira pa mpata wa Njakwa n'kumadzikoka pakati pa minda ya fodya ndi chimanga usadakadzigwetse m'mathithi potsikira ku Mlowe. Pa Rukuru sipadayendepo sitima chilengedwere dziko.

Tsono mwina wina afunsa kuti, kodi munthu wakumtunda ngati iwe nkhani za sitima zapamadzi wazitola kuti? Ndazitola pakhonde pa agogo anga aamuna, omwe kwathu timati asekuru. Iwowa ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, adatsika phiri kukafuna ntchito kunyanja ndipo adaipeza. Sadali kaputeni, sadali makaniko. Ntchito yawo idali yolonda chingwe pa chibwato cha katundu. Atakalamba, akaona chilole cha malasha chikubuula pa msewu waukulu pa Phwezi, ankapukusa mutu n'kunena kuti: "Mzukulu wanga, dziko lino lili ndi msewu umodzi womwe adalambula ndi Chauta mwini. Sufuna phula, sukumbika maenje, ulibe mlatho woti ungakokoloke. Koma taona, tausiyira usipa."

Ndili mwana ndinkangoti ndi zokamba za nkhalamba. Lero, pomwe mtengo wa thumba la feteleza kapena la simenti umakwera ndi mtunda uliwonse womwe galimoto yayenda kuchokera kumadoko a eni ake, mawu aja andibwerera. Ndiye tiyeni, awerengi, tiunguze mbiri ya msewu umenewu: momwe udatsegukira, omwe adauvutikira, ndi chomwe chidautseka.

Ngolo ya pamadzi

Choyamba tigwirizane pa mawu. Chomwe ndikuti chibwato pano ndi chija Angelezi amati barge: chombo chachitsulo chamimba yaikulu, chaphwatalala kunsi, chopanda injini. Pachokha sichiyenda, chili ngati ngolo yopanda ng'ombe. Ng'ombe yake ndi kasitima kakang'ono koma kanyonga, kotchedwa tug, komwe m'mimba mwake ndi injini yokhayokha. Kasitimaka kamakoka zimabwato ndi chingwe, kapena kuzimangirira m'nthiti mwake, kapenanso kuzikankha chakumbuyo.

Nzeru yake njapafupi. Aliyense amene adakankhapo bwato lodzaza matumba pagombe akudziwa kuti dzanja limodzi limasuntha katundu yemwe pamtunda angafune amuna khumi. Madzi ndiwo amasenza, injini imangolondolera. N'chifukwa chake pa mtsinje wa Mississippi ku America kasitima kamodzi kamakankha zimabwato 15 ulendo umodzi, chilichonse chitasenza matani 1,500. Werengani nokha: ndi matani 22,500, katundu wa zilole 750 za matani 30 zija timaziona pa M1. Pa Rhine ku Ulaya malasha, zitsulo ndi mafuta zimayenda pamadzi kuchokera ku Rotterdam mpaka ku Basel. Kwa anzathu ku Congo, mtsinje ndiwo msewu waukulu pakati pa Kinshasa ndi Kisangani. Chilema cha chibwato n'chimodzi: n'chozengereza. Si chonyamulira matimati kapena mayi wapakati. Ndi cha katundu wolemera, wosaola, wodziwa kudikira.

Khomo la ku Chinde

Makolo athu Amang'anja ndi Asena ankayenda kale pa Shire ndi Zambezi ndi mabwato osema, atanyamula mchere, makasu ndi nsalu zoluka ndi thonje lakwawo. Sitima ya nthunzi idabwera ndi David Livingstone, yemwe adakwera Shire m'chaka cha 1859 pa kasitima kotchedwa Ma Robert. Sadapite nako patali. Atafika kumtunda kwa Chikwawa adapeza mathithi, ndipo ulendo wapamadzi udathera pomwepo. Kuchokera ku Matope kutsikira ku Kapichira, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, Shire amagwa mamita pafupifupi 400. Mathithi amenewa lero ndi omwe amatipatsa magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma masiku amenewo adali chipupa chodula msewu wapamadzi pakati.

Chipupacho chidalambalalidwa ndi mitu ya anthu. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E.D. Young komanso Robert Laws ali m'gulumo, adabwera ndi sitima ya Ilala yoyamba. Adailumikiza pa mathiriro a Zambezi, n'kuyenda nayo mpaka pamathithi, n'kuimasula zidutswazidutswa. Mafumu a Chikololo adasonkhanitsa anthu pafupifupi 800 omwe adasenza zidutswazo kukwera nazo zitunda dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe chidutswa ndi chimodzi chomwe chidasowa. Pa 12 Okotobala 1875 Ilala idalowa m'nyanja. Mabuku amatchula Young ndi Laws. Anthu 800 aja adangotsala nambala.

Kenaka kudabwera amalonda. Kampani yomwe idadzatchedwa African Lakes idakhazikitsidwa ku Glasgow m'chaka cha 1878, ndipo oiyendetsa kuno adali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala, lomwe tidalizolowera pa masitolo, lidachokera pa magalasi a m'maso a John. Zaka zoyambazo katundu ankatsikira ku Quelimane, n'kukwera mtsinje wa Kwakwa pa mabwato, n'kusenzedwa pamutu kukafika pa Zambezi, n'kukwezedwanso m'sitima. Kutsitsa ndi kukweza kokhakokha. Zinthu zidasintha m'chaka cha 1889 pomwe Daniel Rankin adaonetsa kuti pa Chinde pali khwawa lozama bwino loti sitima zochokera kunyanja yamchere zingalowerepo mu Zambezi. M'chaka cha 1891 Angelezi ndi Apwitikizi adasainirana pangano lolola sitima za mitundu yonse kuyenda pa Zambezi ndi Shire, ndipo Angelezi adabwerekedwa kachigawo ka mchenga pa Chinde koti azitsitsirapo katundu wa dziko lino. Kwa zaka zoposa 30 khomo la Nyasaland lidali kachigawo kameneka, m'dziko la eni.

Ulendo wake unkayenda motere. Sitima zikuluzikulu zinkaima kunja, poti pakhomo pa mtsinje pali mchenga. Timasitima tokoka tinkapita komweko kukatenga katundu ndi anthu, ndipo apaulendo ankawatsitsa m'chidengu cholendewera pa chingwe, bwana ndi dona yemwe, ngati nkhuku zopita kumsika. Pa Chinde katundu ankalowa m'zimabwato, ndipo zimabwatozo ankazimangirira m'nthiti mwa sitima ya mtsinje, china kuno china uko. Sitima zimenezi zidali zaphwatalala kunsi kuti zizitha kuyenda m'madzi ofika m'chiuno, ndipo kumbuyo kwake kudali chigudumu chopalasa madzi. Chakudya chake chidali nkhuni. M'mbali mwa mtsinje mudali malo otolerapo nkhuni zowaza kale, ndipo mitengo yambiri ya m'magombe a Zambezi ndi Shire idathera m'ng'anjo za sitimazi.

Kutsogolo kwa sitima kunkaima munthu ndi nsungwi yaitali, kumazika m'madzi n'kumafuula kuya kwake. Woongolera weniweni adali munthu wa mumtsinje momwemo, wodziwa kuwerenga nkhope ya madzi, poti khwawa lomwe mudadutsa mwezi watha mwezi uno ndi chilumba. Sitima ikatitimira mumchenga, amalinyero ankalumphira m'madzi, ng'ona zili pomwepo, kukankha ndi mapewa, kapena kunyamula nangula kukamponya kutsogolo kuti sitima idzikoke yokha. Usiku sankayenda. Ankamangirira kugombe, udzudzu wa m'madambo n'kuchita phwando. Makampani monga African Lakes ndi ya Eugene Sharrer ankapikisana pa njira imeneyi. Pokwera ankanyamula nsalu, malata, makina ndi zitsulo. Potsika ankanyamula khofi, thonje ndi fodya.

Madzi akakhala ambiri sitima inkafika pa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Apo katundu ankagawidwa m'mitolo ya makilogalamu oposa 20, ndipo amtengatenga ankakwera nayo phiri mpaka ku Blantyre, n'kutsikiranso ku Matope. Ambiri mwa anthuwa sankasenza mwa kufuna kwawo, chidawatulutsa m'midzi ndi msonkho wa nyumba. Pa Matope katundu ankalowanso m'zimabwato kupita ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, kukakumana ndi sitima za panyanja.

Nanga katundu wosagawika ankatani naye? Funsani za Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican ya ku Likoma, yomwe idapangidwa ku Glasgow m'chaka cha 1899. Idabwera m'zidutswa zoposa 3,000 pa zimabwato za pa Zambezi ndi Shire. Koma boyila yake, chimphika chachitsulo chowiritsira madzi a nthunzi, idali yolemera matani 11 ndipo sinkamasulika. Adaikweza pa chingolo, Angoni 450 n'kugwira zingwe, kukoka kulambalala mathithi, kuwoloka makwawa ndi kukwera zitunda. Pamenepa kasitima kokoka kadali anthu. Ndipo taonani tsoka lake: popaka zitsulozo mankhwala oletsa dzimbiri, manambala olozera kuti ichi chilowa apa adafufutika, moti omanga adachita kuyesa chidutswa ndi chidutswa. Sitimayo idakalowa m'madzi m'chaka cha 1901.

Mpaka pa Khondowe

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikufika kwathu ku Rumphi. M'chaka cha 1894 Robert Laws adasankha phiri la Khondowe kukhala likulu latsopano la mishoni ya Livingstonia. Maloto ake adali aakulu: sukulu ya aphunzitsi ndi amisiri, chipatala, nyumba yosindikizira mabuku, madzi a m'mipope, magetsi. Pofika chaka cha 1905, pomwe matauni ambiri a kuno ankaunikira nyali za palafini, pa Khondowe pankayaka magetsi opukusidwa ndi madzi.

Tsono dzifunseni: mipope yachitsulo ija, makina opukusa magetsi, makina osindikizira ndi ochekera matabwa, zidafika bwanji pamwamba pa phiri? Njira idali imodzi yomweyo. Sitima ya m'nyanja yamchere mpaka ku Chinde. Chibwato mpaka kumunsi kwa mathithi. Mitu ya anthu mpaka ku Matope. Chibwato china, kenaka sitima ya panyanja mpaka pa gombe la Florence Bay, pa Chitimba. Pomalizira pake chitunda chija cha Gorodi ndi makhota ake pafupifupi 20, pa ngolo za ng'ombe ndi pa mapewa a Aphoka, Ahenga ndi Atonga. Mpope umodzi unkatsitsidwa ndi kukwezedwa kasanu kapena kuposa usadafike. Ana a m'chigwa cha Henga omwe adaphunzira pa Khondowe n'kukakhala aphunzitsi, makalaliki ndi abusa mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika, adawerenga mabuku osindikizidwa pa makina omwe adabwera pa chibwato. Tikamanyadira kuti kumpoto sukulu idafika msanga, tizikumbukirako ndi Msena uja adaima ndi nsungwi kutsogolo kwa sitima.

Mtsinje udaphwa

Chomwe chidapha njira ya pa Shire si nkhondo kapena ndale ayi, koma madzi enieniwo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja idayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo Shire, yemwe amayamwa m'nyanjamo, adayamba kuonda. Sitima zidaleka kufika pa Katunga, zikumathera pa Chiromo. Posakhalitsa pa Chiromo padavutanso, zikumathera pa Port Herald, pomwe lero ndi pa Nsanje. Cha m'ma 1915 nyanja idatsikiratu moti mchenga ndi bango zidatseka potulukira mtsinje, ndipo Shire wakumtunda adakhala wosayendeka mpaka m'zaka za m'ma 1930 pomwe nyanja idadzazanso. Katundu ankaunjikana m'magombe miyezi, thonje likuvunda, amalonda akutukwana.

Yankho lidali njanji, ndipo njanjiyo idakhala ikuthamangitsa madzi kulowera kumwera. M'chaka cha 1908 sitima ya pamtunda idalumikiza Port Herald ndi Blantyre. M'chaka cha 1914 njanji idatalikitsidwa kukafika ku Chindio, pa gombe la Zambezi. Choseketsa n'choti zitsulo za njanjiyo, mainjini ndi mabogi ake, zidabwera pa zimabwato zomwezo. Chibwato chidasenza chokha khasu lokumbira manda ake.

M'chaka cha 1922 mphepo yamkuntho idasasantha Chinde n'kumiza sitima zambiri za mumtsinje. Chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira idafika pa Murraça, tsidya lina la Zambezi moyang'anana ndi Chindio. Khomo la ku Chinde lidatsekeka. Komabe zimabwato zidatsala ndi ntchito imodzi yomaliza, ndipo idali yaikulu. Pa Zambezi padalibe mlatho. Kwa zaka 13, chilichonse cholowa kapena kutuluka m'dziko muno pa njanji, kaya ndi fodya, tiyi, galimoto kapena makina a fakitale, chinkatsitsidwa tsidya lino, kukwezedwa pa chibwato, kukokedwa kuwoloka mtsinje, n'kukwezedwanso m'mabogi tsidya linalo. Chilimwe madzi ankachepa, dzinja ankasefukira n'kumiza pokochezera. Chuma chonse cha dziko chinkalendewera pa chingwe cha kasitima kokoka.

Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka pakati pa Sena ndi Mutarara, udatsegulidwa m'chaka cha 1935. Udali umodzi mwa milatho ya njanji yaitali kwambiri pa dziko lonse nthawi imeneyo, ndipo ngongole yake idalemera pa msana wa Nyasaland kwa zaka zambiri. Walira mvula walira matope. Pa Zambezi wakumunsi sitima za chigudumu zidapitiriza kukoka zimabwato za shuga wa kampani ya Sena Sugar Estates, koma katundu wa dziko lino adachoka pamtsinje.

Chingwe cha asekuru

Chaka chomwecho cha 1935 njanji idakafika ku Salima, kudzera pa Chipoka m'mphepete mwa nyanja. Kuyambira apo nkhani ya zimabwato idasamukira panyanja. Kampani ya njanji ya Nyasaland Railways idayamba kuyendetsa sitima zakezake, likulu lake likudzakhala ku Monkey Bay: Mpasa ya katundu, kenaka Nkwazi, ndi Ilala yachiwiri yomwe idapangidwa ku Scotland, n'kubwera m'zidutswa pa njanji ndi kuyamba ntchito m'chaka cha 1951. Pambali pa sitima zodziwikazi padali timasitima tokoka ndi zimabwato zake. Masiku amenewo msewu wa kumpoto udali wafumbi, dzinja likafika wosadutsika. Kwa munthu wa ku Karonga, Chilumba, Mlowe kapena Usisya, nyanja ndiyo idali msewu.

Pamenepa ndi pomwe asekuru adalowera. Ankati popita kumpoto chibwato chinkasenza mchere, shuga, simenti, malata ndi migolo ya mafuta, ndipo pobwerera chinkadzaza mpunga wa ku Karonga ndi thonje, ulendo wa ku Chipoka. Pa chibwato pankakhala amuna ochepa chabe. Ankagona pamwamba pa matumba, kuphika nsima pa mbaula kumbuyo, ndiwo zake za m'nyanja momwemo. Kasitima kali kutsogolo uko, kulankhulana kwake kwa manja ndi nyali basi. Malo opanda doko chibwato chinkaima patali, ndipo katundu ankatsika pa timabwato kapena pamitu ya anthu oyenda m'madzi ofika m'khosi.

"Mdani wathu sadali ng'ona," ankatero asekuru, "adali mwera ndi chingwe." Mwera ukabuka m'miyezi yozizira, mafunde amakula ngati zulu. Kasitima kakakwera funde pomwe chibwato chikutsika, chingwe chimakungika mpaka kulira. Chikaduka chimabwerera ngati mkwapulo, ndipo chikapeza mwendo wa munthu sichifunsa. Wolonda chingwe ankayenera kuona pomwe chikukhuzika pa chitsulo, n'kupakulunga ziguduli, n'kumamvetsera kalilidwe kake usiku wonse. Kaputeni wanzeru ankatalikitsa chingwe kuti chizimira pakati n'kumamwa mphamvu ya funde, ndipo zikavuta ankathawira m'kagombe kobisika kudikira kuti mphepo igone, ngakhale masiku awiri. "Wothamanga panyanja," ankatero, "amafika msanga, koma pansi."

Sankanena zimenezi mwanthabwala. Amalinyero onse a nthawi yawo ankayenda ndi dzina limodzi mumtima: Vipya. Sitima imeneyi idali yatsopano pomwe idagubuduzika ndi namondwe pa 30 Julayi 1946, kufupi ndi gombe la Chitimba, ndipo anthu 145 adamira nayo. Mpaka lero ndiyo ngozi yaikulu kwambiri ya sitima pa nyanja yathu. Asekuru ankati akamadutsa pamalopo, nthabwala zinkatha pa chibwato.

Nkhondo idatikumbutsa nyanja

Titalandira ufulu, misewu idayamba kulandira phula, ndipo pang'onopang'ono katundu adayamba kusamukira pa zilole. Koma m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique idatiphunzitsa phunziro lowawa. Pofika chaka cha 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zidali zitatsekeka, ndipo m'chaka cha 1986 mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Katundu wathu adayamba kuzungulira mpaka ku Durban, mtunda wa makilomita oposa 3,000. Mitengo ya zinthu idauluka.

Boma ndi maiko otithandiza adatembenukira kumpoto. Njira yomwe adaitcha Northern Corridor idali yotere: katundu atsike pa Dar es Salaam, akwere njanji ya TAZARA mpaka ku Mbeya, ayende pa msewu kudzera pa Songwe ndi Karonga mpaka ku Chilumba, alowe m'madzi mpaka ku Chipoka, akwerenso njanji kupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Madoko a Chilumba ndi Chipoka adakonzedwa, padaikidwa makina onyamulira makontena ndi akasinja a mafuta. Panyanja padali Ufulu yonyamula mafuta, Katundu yonyamula makontena, komanso pantoni yaikulu yokokedwa ndi kasitima. Nkhondo yomweyo idadula malasha a ku Moatize, ndipo m'boma lathu la Rumphi mudatsegulidwa migodi, wa Kaziwiziwi m'chaka cha 1985 ndi wa Mchenga m'chaka cha 1987. Zidaoneka ngati msewu wa asekuru wadzuka.

Koma zinthu ziwiri zidachitika pafupifupi nthawi imodzi. M'chaka cha 1992 mtendere udabwerera ku Mozambique, ndipo amalonda adabwerera kunjira zawo zazifupi. Chaka chomwecho kudagwa chilala chachikulu, nyanja n'kuyamba kutsika, mpaka pofika 1997 idatsika kuposa momwe idachitira kwa zaka zoposa 60. Sitima zodzaza zidayamba kuvutika kukocheza pa Chipoka. Mwini katundu sadikira. Akaona kuti kontena yake yagona padoko sabata zitatu, ulendo wotsatira amaikweza pa lole kuchokera ku Dar es Salaam mpaka pakhomo pa fakitale. Madzi omwe adathamangitsa sitima pa Katunga ndi pa Chiromo adachitanso zomwezo pa Chipoka.

Tsiku la ku Nsanje

Maloto a njira ya pa Shire sadafe. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawadzutsa mwamphamvu, nati dziko lino lisamatchedwenso lopanda doko pomwe kuchokera pa Nsanje kukafika ku Chinde ndi makilomita 238 okha. Khoma la doko lidamangidwa. Pa 23 Okotobala 2010 kudali chimwambo cha dzaoneni pa Nsanje, pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Anthu adadikira chibwato cha feteleza chomwe chimayenera kutulukira pa khota la mtsinje kudzatsimikiza kuti njira yatseguka. Sichidatulukire. Akuluakulu a ku Mozambique adachiimitsa pa Marromeu, nati mtsinje sungatsegulidwe popanda chilolezo chawo ndi kafukufuku woona momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe. Mtsogoleri wa dzikolo, Armando Guebuza, pamwambopo padalibe. Zaka zidadutsa, ndipo pa khoma lija padayamba kukocheza mabwato a asodzi.

Ambiri adaseka, ena adakwiyira anansi athu. Koma wowerenga mbiri sadadabwe. Mafunso omwe adaimitsa chibwato cha 2010 ndi omwe aja a 1891 ndi 1915. Kodi mwini gombe walola? Kodi madzi alipo chaka chonse? Kodi mchenga auchotsa ndani, ndipo alipira ndani chaka ndi chaka? Angelezi, ndi mfuti zawo zonse, adayamba asainirana ndi Apwitikizi asadakoke chibwato ndi chimodzi chomwe pa Chinde. Ife tidayamba ndi khoma ndi ng'oma. Paja akulu adati kuthamanga si kufika.

Tsono titani?

Sindikunena kuti chibwato ndi mankhwala a matenda onse. Mbiri yomwe tayendamoyi ikuonetsa zofooka zake poyera: n'chozengereza, chimafuna kutsitsa ndi kukweza kawirikawiri, ndipo chimadalira madzi omwe amakwera ndi kutsika mwa kufuna kwawo. Koma ikuonetsanso kuti nthawi zonse pomwe dziko lino lidapanikizika, lidathawira kumadzi, ndipo madziwo adalisenza.

Njira ya ku Chinde ili m'manja mwa anthu awiri, ife ndi anansi athu, ndipo idzatseguka tsiku lomwe onse awiri adzaonepo phindu. Koma pakati pa Chilumba ndi Chipoka palibe wokampempha chilolezo. Malasha a ku Mchenga amakumbidwa pamtunda woti nyanja ukuiona ndi maso, koma amakwera chitunda cha Chiweta pa zilole, kuswa msewu womwe timakonza ndi ngongole. Simenti, feteleza ndi mafuta zimadutsana nawo pa makhota omwewo. Zofunika kuti katundu wotereyu abwerere pamadzi si zokongola pa chithunzi: kukumba mchenga pamadoko, kukonza makina onyamulira, njanji yodalirika pa Chipoka, ndi tsiku lodziwika lonyamukira loti wamalonda angalikhulupirire. Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa amalinyero. Ana odziwa ntchito tili nawo. Ntchito zotere sizikhala ndi riboni yodula, mwina n'chifukwa chake sizikoma m'kamwa mwa andale.

Ndipo pali ngongole ina yomwe si ya ndalama. Maina a sitima timawadziwa, a makaputeni achizungu ali m'mabuku. Koma anthu 800 a Ilala, Angoni 450 a boyila ija, Asena oyeza madzi ndi nsungwi, owaza nkhuni a m'magombe, olonda chingwe ngati asekuru, palibe mwala ndi umodzi womwe wolembedwa za iwo. Agogo otere m'midzi ya Mlowe, Chilumba, Nkhotakota ndi Nsanje atsala owerengeka. Amene muli nawo pakhomo, khalani nawo pansi muwafunse dzuwa lisadalowe.

Mwezi wathawu ndidatsika Chiweta pa minibasi. Pa khota lina tidapeza chilole chitafa pakati pa msewu, miyala itatsamiritsidwa kumatayala, mzere wa magalimoto utafika kuseri kwa phiri. Tidatsika kuti tiwongole miyendo. Kumunsi kwathu nyanja idali phee, yotambalala mpaka kumapiri a tsidya lija, ndipo pamwamba pake ponse padali mabwato atatu a asodzi. Mayi wina yemwe adali ndi thumba la mpunga pambali panga adafunsa kondakitala kuti tidikira mpaka liti. Kondakitala adati makaniko akuchokera ku Mzuzu.